Chepetsani ma texture poumba mutu wa sitima

Anzanga amene mukuumba mitu ya sitima mu Blender (pulogalamu ya pa kompyuta youmbira zinthu za 3D) kuti muziyendetsa mu Open Rails kapena Trainz (masewera a pa kompyuta oyendetsa sitima), ndikukupemphani kuti muchepetse ma texture, zomwe ndi zithunzi zimene timakutira nazo chinthu chimene taumba kuti chioneke ngati chenicheni. Ine kuno ku Mchinji ndinayamba ndi kupatsa chitseko, denga ndi gudumu lililonse chithunzi chakechake, ndipo sitimayo inkayenda modukizadukiza pa kompyuta yanga, chifukwa texture iliyonse yapadera imachititsa kuti khadi ya zithunzi ilandire lamulo linanso lojambula.

Sonkhanitsani zigawo zonse pa chithunzi chimodzi cha ma pixel 2048 x 2048. Chikakhala chosapanikizidwa chimadya 16 MB, koma mukachisunga ngati DDS (mtundu wa fayilo ya ma texture) yopanikizidwa mwa njira ya DXT1 chimatsika kufika pa 2 MB. Njira ina yopanikizira ya DXT5, imene imadya 4 MB, muisungire magalasi amene akufunika kuonekera mkati.

Magudumu onse agawane kachigawo kamodzi, pakuti ndi ochepa amene amapenyetsetsa kunsi kwa sitima. Malo aakulu muwapereke kutsogolo ndi m'mbali. Pamene ndimachenjeza kwambiri ndi pa zilembo ndi manambala: mukatembenuza UV (mapu osonyeza pamene chigawo chilichonse chikhale pa chithunzicho) ya mbali imodzi kuti igwirenso mbali inayo, zolembazo zimaoneka chotembenuka, choncho zipatseni malo awoawo.