Lole si yogona pakhomo kuno ku Joni

Achimwene amene mwasonkha timarandi n'kugula tipa kuti muzinyamula malasha kapena mchenga ku Mpumalanga, musanafunse mtengo wa dizilo dzifunseni kuti galimotoyo izigona kuti. Kuno si ku Ndirande kumene munthu amaimika lole pakhomo aneba n'kumamuyamikira kuti zake zayera. Kuno puloti iliyonse inalembedwa ntchito yake ku khonsolo, potsatira SPLUMA, lamulo la 2013 la kagwiritsidwe ntchito ka malo, ndipo nyumba zambiri zimene timachita lendi zili pa malo a Residential 1, okhala anthu basi. Kugonekapo lole tsiku ndi tsiku n'kumakonzera injini pabwalo, khonsolo imaona ngati mwatsegula depoti.

Za mapepala mukudziwa: laisensi yoyenera kulemera kwa galimoto, PrDP (chilolezo cha dalaivala woyendetsa galimoto yonyamula katundu) ngati galimotoyo ikupitirira makilogalamu 3,500, ndi traffic register number yolembetsera galimoto m'dzina lanu.

Chenjerani ndi madobadoba. Ine anandibweretsera wina, wolankhula Chichewa chathu chomwechi, jekete yabwino, fayilo m'khwapa. Akuti amadziwana ndi akuluakulu a ku khonsolo, adzanditengera chilolezo choimika tipa pakhomo. Analandira ndalama, kenako anabwereranso akuti ya chidindo, kenakonso akuti ya bwana wosainira. Pepala anabweretsadi, chidindo chofiira bwinobwino.

Aneba atatopa ndi kulira kwa injini m'bandakucha anakadandaula. Woyendera malo atabwera, pepala lija analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo n'kundibwezera, akuti ofesi yawo ilibe chikalata chotere. Kalata yochenjeza inapita kwa landilodi, landilodi n'kundiuza kuti ndisamuke mwezi ukatha. Dobadoba uja foni yake mpaka lero siipezeka. Chimandiwawa n'chakuti ankadziwa bwino kuti pempho lotere amapereka ndi mwini puloti kapena munthu amene iye wamulembera kalata yomuimira, ndipo aneba amadziwitsidwa kuti atsutse ngati akufuna. Walendi payekha sangapite nalo patali. Ndiye wina akakuuzani kuti zitheka mwakachetechete landilodi osadziwa, ameneyo ndi wakuba, ngakhale mumapemphera naye tchalitchi chimodzi.

Mukukhala mu kompuleksi? Musayese n'komwe. Kumeneko kuli malamulo enanso a body corporate, bungwe la eni nyumba za mu kompuleksimo. Pezani yadi ku dera la mafakitale, muzilipira pamwezi, risiti muzisunga.

Tsopano za katundu amene mukunyamula. Munthu akakuonetsani chilolezo cha mgodi chochokera ku boma, musathamangire kuliza injini. Mu 2012 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mlandu wa Maccsand, kampani imene inkakumba mchenga ku Mitchells Plain, kuti chilolezo cha mgodi sichichotsa malamulo a khonsolo ya Cape Town a kagwiritsidwe ntchito ka malo. Zonse ziwiri zimafunika. Khonsolo ikaimitsa mgodiwo, ntchito yanu yathera pomwepo, ndipo ngongole ya tipa ikudikirabe.

Ndipo inu mukutengeka ndi mitengo yokoma ya usiku ya ma zama zama, okumba migodi popanda chilolezo, kodi mukuganiza bwino? Apolisi ali ndi mphamvu yolanda galimoto yogwiritsidwa ntchito pa mlandu. Mwini dzenje athawira kutchire, koma nambala ya tipa ndi yanu, pasipoti imene adzaitanitse ndi yanunso.