Kasinthidwe ka Honda CG125 yakale kuti ikhale scrambler

Dzina lakuti scrambler linachokera ku mipikisano ya njinga zamoto ya m'tchire imene inayamba ku Camberley m'dziko la Britain mu 1924. Pa nthawiyo anthu ankatenga njinga za pamsewu wamba, kuzichotsa zolemera, kukweza paipi ya utsi ndi kuziveka matayala ogwira m'matope. Amene akufuna kuchita zomwezo lero angayambe ndi Honda CG125, imene inatuluka mu 1975. Injini yake ya 124 cc anaikonza dala kuti izipirira fumbi ndi kusamalidwa mwa apo ndi apo, ndipo njinga zambiri za kabaza zochokera ku China zinatengera injini yomweyi, kotero zipangizo zake sizisowa m'misika.

Musadule kapena kupenta chilichonse injini ndi mabuleki zisanakhale bwino. Khuthulani oyilo yakale, tsukani kasefa kawaya kamene kali kuseri kwa chotsekera cha pokhuthulira oyilo, ndipo mutsegule chivindikiro cha kumanja kwa injini kuti muchotse litsiro louma m'sefa yozungulira ya oyilo imene ili m'katimo, chifukwa eni ake ambiri saidziwa n'komwe. Injini itazizira, ikani mpata wa mavalavu pa 0.08 mm. Yang'anani mabelingi a chiwongolero ndi a mawilo, nsapato za mabuleki, ndi dzimbiri m'kati mwa thanki. Masipoko agogodeni limodzilimodzi ndi sipanala: lomangika limalira ngwee, lomasuka limangoti phwa, ndipo lomasukalo ndi limene lidzayambe kuthyoka pa msewu wa miyala.

Matayala ndi amene amasintha kwambiri khalidwe la njinga. CG125 zambiri zakale zili ndi malimu a mainchi 18, koma werengani nambala imene ili pambali pa tayala lanu musanagule lina. Sankhani matayala oyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe, osati a mano ataliatali a mpikisano, amene amatha msanga ndipo amaterera pa tala wonyowa. Tayala lonenepa kwambiri limakongola m'maso, koma pa limu yopapatiza limapindika molakwika, limakhula tcheni, ndiponso limalanda mphamvu injini imene ili kale yaing'ono. Onjezani saizi imodzi yokha. Madigadi a kutsogolo akwezeni kuti matope asamatsekere gudumu, ndipo dziwani kuti chitsulo cha madigadi akalewo chimathandiza kugwirizanitsa miyendo iwiri ya foloko. Mukachichotsa, ikanipo chitsulo china cholumikiza miyendoyo.

Mahandulo otambalala ndi okwera pang'ono, a 22 mm m'mimba mwake, amalola wokwera kuimirira podutsa m'zigwembe. Mukawamanga, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri injini ikulira. Ikakweza mawu yokha, ndiye kuti kebulo ya mafuta yafupika ndipo pakufunika yaitali. Ma shock a kumbuyo angatalike ndi 20 mm kapena 30 mm, osapitirira pamenepo, chifukwa tcheni chimayamba kudya chitsulo chimene chimanyamula gudumu. Kulimba kwa tcheni muziyeza munthu atakhala pa njinga. Sipuloketi ya kumbuyo yochuluka ndi mano awiri kapena atatu imathandiza pa zitunda ndi mumchenga, ngakhale liwiro la pa tala limatsikako.

Pa nkhani ya mpweya ndi utsi ndi pamene njinga zambiri zabwino zimaonongekera. Zithunzi za pa intaneti zimaonetsa njinga zimene anazichotsa bokosi la mpweya n'kumangirira kasefa kakang'ono ka poyera pakamwa pa kabyuleta. Zimenezo n'zoyenera njinga ya pachionetsero. Pa msewu wa fumbi m'mwezi wa October, kasefa koteroko kamalowetsa dothi losalala limene limapala pisitoni ndi silinda, ndipo m'dzinja kamamwa madzi. Ine ndimalangiza kuti bokosilo lisiyidwe momwe lilili, siponji yake izitsukidwa ndi kupakidwa oyilo pang'ono. Paipi ya utsi yokwera m'mbali ndiyo chizindikiro cha scrambler, monga inalili pa Honda CL72 ya 1962, ndipo ntchito yake ndi kupewa miyala ndi madzi a pa madooko. Wowotcherera aipinde motalikirana ndi kabyuleta, paipi ya mafuta ndi mawaya, aigwirize ku felemu malo awiri, ndipo aike chotchinga kutentha chokhala ndi mpata pakati pa icho ndi paipiyo, kuti mwendo wa wokwera ndi wa wonyamulidwa usapse. Paipi ikasintha, kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya kamasinthanso. Mutayenda ulendo wotenthetsa bwino injini, masulani pulagi: nsonga yofiirira ngati tiyi wamkaka ndi yabwino, yotuwa mbee ikutanthauza kuti mafuta akuchepa ndipo jeti, kachitsulo kabowo kodutsira mafuta m'kabyuleta, ikufunika yokulirapo, yakuda ndi mwaye ikutanthauza kuti mafuta achuluka. Nsonga yotuwayo musailekerere, chifukwa injini yotero imatentha mpaka kuboola pisitoni.

Kudula felemu kubwere pomalizira, ndipo ngati njingayo ili yathunthu ndi zipangizo zake zonse zoyambirira, ndi bwino kuisiya n'kufunafuna ina yotopa. Dulani kuseri kwa pamene ma shock amangiriridwa, osati kutsogolo kwake, ndipo wowotcherera wodziwa ntchito alumikize mbali ziwiri za felemu zodulidwazo ndi chitsulo chopindika. Thanki, batire ndi kabokosi ka CDI kolamulira moto wa pulagi, ngati kalipo, zichotsedwe moto usanayatsidwe. Masulani ma shock, kwezani gudumu mpaka pamene lingafike, ndipo muone kuti silikugunda pansi pa chishalo chatsopano. Pansi pa injini mangani chishango cha aluminiyamu cha 3 mm, chokhala ndi bowo lokhuthulira oyilo.

Nambala ya felemu ndi ya injini zisapalidwe kapena kukwiriridwa ndi penti wochindikala, pakuti ziyenera kugwirizana ndi zimene zili m'mapepala a njingayo. Nyali, zosonyeza kokhotera, hutala, magalasi ndi nambala ya kumbuyo zonse zibwerere m'malo mwake. Musanagule nyali zatsopano, onani ngati magetsi a njinga yanu ndi a 6V, monga zinalili CG125 zoyambirira, kapena a 12V. Ku Malawi, mukasintha mtundu wa penti kapena maonekedwe a njinga, kafunseni ku ofesi ya Road Traffic zimene ziyenera kukonzedwa m'mapepala musanapite kukayezetsa COF (chiphaso chakuti njinga ndi yoyenera kuyenda pa msewu), ndipo a inshuwalansi adziwitsidwenso. Ulendo woyamba ukhale waufupi ndi wapang'onopang'ono, pa msewu umene mumaudziwa. Mukabwerako, limbitsaninso mabawuti onse, masipoko ndi tcheni, ndipo muone ngati pali waya amene wayamba kusungunuka pafupi ndi paipi ya utsi.