Kusankha kosi yophunzitsira Chingerezi kunja muli ku Johannesburg

Mwafunsa kosi yomwe mungachite kuti mukaphunzitse Chingerezi kunja. Musanayambe, khalani ndi pasipoti yosatha msanga, digiri ngati muli nayo, ndi intaneti yodalirika.

1. Sankhani kaye dziko, kosi ibwere pambuyo. Ambiri amataya ndalama pamenepa. Mwachitsanzo, viza ya E-2, ya aphunzitsi a zilankhulo ku South Korea, imayang'ana pasipoti yanu. Ya South Africa imaloledwa, ya Malawi ayi, ngakhale mwakhala ku Hillbrow zaka 10. Werengani malamulo a dzikolo musanatulutse ngakhale randi imodzi.

2. Kosi ya TEFL (yophunzira kuphunzitsa Chingerezi kwa anthu a zilankhulo zina) isachepere maola 120. Zotchipa zija za masiku awiri pa Facebook zisiyeni.

3. Funsani ngati mudzaime pamaso pa ophunzira enieni, wokuphunzitsani atakhala kumbuyo akulemba zolakwa zanu. Kosi ziwiri za mtunduwu, CELTA ya Cambridge ndi CertTESOL ya Trinity (mabungwe a mayeso a ku UK), zimafuna maola 6 otere. N'zodula ndithu, koma ine ndingakulangizeni zimenezi ngati thumba likulola.

4. Dzina la sukulu yomwe ikuti imaphunzitsa CELTA kapena CertTESOL lifufuzeni pa webusaiti ya Cambridge kapena Trinity. Chizindikiro cha pa kapepala kawo aliyense angachisindikize.

5. Mukalipira, kapempheni msanga police clearance (kalata yosonyeza ngati munapalamulapo mlandu) ku polisi ya South Africa (SAPS), imachedwa kutuluka.