Mbedza ya chingwe isakolekedwe kumapazi: yezani malo ogwera musanakwere lole

Mvula ya chaka chino yadzutsa vuto limene ndinkayesa tinathana nalo kalekale. M'malo opakira ndi kutsitsira katundu, anyamata akukwera pamwamba pa malole kukafunditsa lona, ena pamathanki a mafuta kukatsegula zivundikiro, onse atavala malamba oteteza pogwa. Akapitawo akawaona choncho mtima umakhala m'malo. Koma yang'anani pamene akoleka mbedza ya chingwe: pachitsulo cha m'mbali mwa galimoto, kumapazi kwenikweni. Munthu wotere akaterereka pa lona yonyowa amamenyeka pansi chingwe chisanathe kumuimitsa.

Cholakwika n'chakuti anthu akuyeza chingwe chokha. Chingwe chofala ndi cha mamita 1.8, ndipo pamwamba pa lole yaikulu yodzaza ndi pafupifupi mamita 4 kuchokera pansi. Ndiye munthu amangoti chingwe chachepa, pansi sindifika. Masamu amenewa ndi amene amathyola anthu ziuno.

Pachingwepo pali kachikwama kosokedwa, kamene kanapangidwa kuti kazisosoka munthu akagwa, kuti thupi lisagwedezeke koopsa. Kakasosoka, chingwe chimatalika. Malamulo a OSHA, bungwe la boma loona za chitetezo pantchito ku America, amalola kutalikako kufika mamita 1.07, pamene muyezo wa ku Ulaya wa EN 355 umalola mpaka mamita 1.75. Lamba nayenso amatamuka, mphete ya kumsana imene imagwira chingwe n'kukwera cha kukhosi, ndipo apo papita masentimita 30. Kuchokera pamphetepo kufika kumapazi a munthu wamkulu ndi mamita 1.5. Pansi pa mapazi payenera kutsala mita 1 yopanda kanthu. Mukaphatikiza zonsezi, ngakhale mutatenga nambala yaing'ono ija ya OSHA, zikukwana pafupifupi mamita 5.7, kuwerengera kuchokera pamene mbedza yakolekedwa. Inu mwakoleka pa mamita 4. Enawo muwatenga kuti?

Kukoleka kumapazi kuli ndi choipa china. Munthu amayamba wagwa mtunda wa msinkhu wake, kenako wa chingwe chonse, mamita oposa 3, pamene lamulo la OSHA limati asagwe mamita oposa 1.8 chingwe chisanakoke. Kachikwama wamba ka ku America sikanapangidwire kugwa kotero. Mphamvu imene thupi liyenera kulandira isapitirire 8 kN (kN ndi muyezo wa mphamvu) mwa lamulo lomwelo, ku Ulaya ndi 6 kN, ndipo mukadutsa pamenepo ndiye kuti lamba yemweyo akhoza kuvulaza munthu m'kati.

Ndikufotokoza zimenezi pamalo ena, mlimi wina wachikulire amene anabwera kudzaonerera katundu wake akupakidwa anandidula pakamwa. "Alangizi, ife takwera malole kuyambira tili anyamata, opanda chingwe, ndipo tilipo mpaka lero." Mawu amenewa ndatopa nawo. Ndinawafunsa ngati onse amene ankakwera nawo akuyenda bwinobwino. Anakhala kaye chete, kenako anasimba za wantchito wawo amene ankakoka chingwe cha lona ataima pathilela yopanda katundu. Chingwecho chinaduka, iye n'kugwa chagada pakonkire. Pamene anagwerapo panali potalika ngati pachifuwa basi, koma mpaka pano sanyamula kanthu kolemera, ndipo mkazi wake ndi amene akudyetsa banja. N'chifukwa chake m'mafakitale a ku America chitetezo chimayambira pa mamita 1.2. Thilela yafulati imakhala pamwamba kuposa apo, koma ndi yaifupi kwambiri moti chingwe cha kachikwama chilibe ntchito pamenepo ngakhale pang'ono. Mwavalitsa munthu lamba kuti angooneka wovala.

Ena amvetsa zokoleka pamwamba, koma akuika ngowe imodzi yokha padenga, pakati pa shedi, thilela ili yoposa mamita 12. Mnyamata akapita kumapeto, chingwe chimakhala chopendekeka. Akagwa amalendewera chobwerera n'kukamenyetsa mutu m'mbali mwa galimoto kapena pansi. Chingwe chisapendekeke kupitirira madigiri 30 kuchokera pamene chakolekedwa, ndipo ena opanga zipangizozi amafuna ochepera apo.

Zochita n'zosavuta, tengani tepi. Yezani kuchokera pamene pakolekedwe mbedza kufika pansi, kapena kufika pa chilichonse chimene munthu angagwerepo, kaya ndi mapaipi, mapaleti kapena foloko ya folokilifiti. Yezani galimoto yaifupi kwambiri imene imabwera pamalopo, chifukwa ndi imene ili ndi malo ochepa ogwera, kenako yaitali kwambiri kuti isakagunde njanji ya pamwamba yokolekapo chingwe. Pamwamba pakhale njanji yolimba yotalika ngati thilela yonse. Mosiyana ndi njanji, waya amagoba akalemedwa, ndipo kugobako kumadya malo. Panjanjipo pakhale chingwe chodzikulunga chokha, chimene chimagwira msanga ngati lamba wa pampando wa galimoto. Mtunda wake wogwirira walembedwa pachikombole chake, werengani. Wogwira ntchito atagwada amafuna malo ochuluka kuposa woimirira, choncho onjezerani monga mwa buku la chipangizocho. Pokolekapo papirire 22 kN pa munthu mmodzi, kulemera kopitirira matani 2. Paipi ya madzi kapena phaso la denga ayi. Kumene kungatheke, mangani nsanja yokhala ndi zitsulo zotchinga m'mbali, anthu asamakwerenso pakatundu. Chingwe chimene chinagwirapo munthu chichotsedwe tsiku lomwelo. Makwerero kapena nsanja yomutsitsira ikhale pafupi, chifukwa wolendewera pa lamba magazi amadikha m'miyendo ndipo angakomoke m'mphindi zochepa.