Aphunzitsi a masamu a calculus, musathamangire malamulo

Mu 1981, akatswiri ofufuza za kaphunzitsidwe ka masamu, David Tall ndi Shlomo Vinner, anaonetsa kuti wophunzira amatsata chithunzi chomwe chili m'mutu mwake kuposa tanthauzo la m'buku. Ndiye kumuloweza malamulo chithunzicho chili chokhota n'kungotaya nthawi.

Jambulani y = x² pa bolodi. Ophunzira awerengere okha kupendekeka kwa mzere kuchokera pa x = 1 kufika pa 1.1, kenako 1.01, kenako 1.001. Apeza 2.1, 2.01 ndi 2.001. Musawauze yankho, ngakhale pakamwa payabwe. Anene okha komwe manambalawo akulowera. Lamulo loti kupendekeka kwa y = x² ndi 2x libwere pambuyo.

Ophunzira ambiri amaganizanso kuti limit, nambala yomwe manambala akulowera, safikirika. Afunseni limit ya y = 5, muwasiye atsutsane.