Wina wagogoda pa geti ndi chipepala cha chopereka kapena malonda, mutani kuti asakudyetseni njomba kuno ku Joni

Loweruka lina kunabwera tianyamata tiwiri pa yadi pomwe ndimakhala ku Turffontein, tavala majezi a mpira, chipepala chopindikapindika m'manja, ati tikusonkhetsa ndalama zogulira nsapato za timu. Ndinapereka R20. Patatha masabata atatu ndinakumana nato ku Rosettenville, chipepala chomwe chija koma ulendo uno ati ndi kwaya ya tchalitchi ikupita ku Durban. R20 yo siinandipweteke, chomwe chinandiopsa ndi choti ndinali nditawatsegulira geti mpaka anaona m'nyumba monse.

Ndiye choyamba ndi chimenecho, geti musatsegule. Lankhulanani ali panja inu muli mkati, palibe mwano pamenepo. Makamaka inu amene mumagwira ntchito za m'nyumba kapena za m'gadeni kwa mabwana ku Randburg ndi Sandton uko, bwana kulibe ndiye mwalowetsa munthu chifukwa wavala ovolosi ndipo akuti wachokera ku City Power, kampani ya magetsi, kudzaona mita, katundu akasowa woyamba kumuloza chala ndi inuyo, ntchito kuthera pompo. Imbirani bwana kaye.

Akakhala wopempha chithandizo, mufunseni modekha dzina la sukulu kapena timu, kochi wawo ndani, amasewerera bwalo liti. Mwana woona amayankha osaganiza. Wotumidwa amayamba kuyang'ana kumsewu komwe kwaima wamkulu amene akumudikira. Sitampa pa pepala isakukomoleni, aliyense angathe kudinditsa sitampa m'tauni muno. Akati ndi bungwe, pemphani nambala ya NPO, yosonyeza kuti ndi bungwe losachita phindu lolembetsedwa, mabungwe amalembetsa ku Department of Social Development motsatira lamulo la 1997 ndipo nambalayo mutha kuyifufuza pa intaneti pa foni yanu yomweyo. Koma dziwani kuti katimu ka mpira ka mu lokeshoni nthawi zambiri sikakhala ndi nambala, sikuti basi ndi akuba ayi. Zikatero ine ndimangoti ndibwera ndekha ku bwaloko Loweruka ndidzapereke kwa kochi. Oona amakondwa, abodza sabweranso.

Zomwezi ndi zipepala za maliro zomwe zimazungulira pakati pa ife a Malawi, zoti m'bale wamwalira tisonkhe thupi lipite kumudzi. Apa mtima umafewa msanga poti tonse timaopa kuikidwa kuchilendo, koma funsani womwalirayo kwawo ndi kuti, mfumu yake ndani, thupi lili ku motchale iti, kenako funsani pa gulupu ya WhatsApp ya anthu a boma limenelo, pasanathe ola mudziwa zoona.

Tsopano a malonda, amene amayenda ndi mapoto, mabulangete, mafoni, ena ndi funeral cover, inshuwalansi ya maliro. Awa ndiye amaluma kwambiri chifukwa safuna R20, amafuna akaunti yanu. Pasipoti kapena ID asajambule, khadi la ku banki lisachoke m'thumba, PIN ndi OTP, nambala yachinsinsi ija banki imatumiza pa foni, musauze munthu ngakhale atalankhula Chichewa chakwanu nkumakutchulani kuti achimwene kapena achemwali. Ikabwera meseji ya DebiCheck pa foni yoti muvomereze kuti azikudulani ndalama mwezi ndi mwezi, werengani dzina la kampani ndi ndalama yake musanadine, mukadina ndiye kuti mwasaina ndipo kudzaikana pambuyo pake ndi ntchito yaikulu. Wogulitsa inshuwalansi ayenera kukhala ndi nambala ya FSP, ya chilolezo chake, ilembeni mukaione pa webusaiti ya FSCA, bungwe la boma loyang'anira makampani a zachuma. Akamati mtengo uwu ndi wa lero lokha mawa ukwera, muuzeni abwere mawa lomwelo.

Nanga ngati mwagula kale? Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limati katundu amene munthu wachita kukulondolani naye pakhomo mutha kumubweza pasanathe masiku 5 ogwira ntchito osapereka chifukwa, bola muwadziwitse polemba, ndipo iwo akuyenera kubweza ndalama zanu m'masiku 15 ogwira ntchito. Nchifukwa chake risiti yokhala ndi adiresi ndi yofunika, popanda iyo mukalembera ndani? Akakana kadandauleni ku National Consumer Commission, bungwe la boma loteteza ogula. Ngati ndalama zayamba kudulidwa thamangirani ku banki tsiku lomwelo.

Munthu akamakakamira pa geti kapena kuopseza imbirani apolisi pa 10111, kapena 112 pa foni ya m'manja. Ndikudziwa ambiri timazemba apolisi chifukwa cha nkhani ya mapepala ndipo matsotsi amadziwanso zimenezo, ndiye ngati mukuopa uzani landilodi kapena a CPF, komiti yogwira ntchito ndi apolisi, a m'dera lanu aimbe ndi iwo. Mukaona ana aang'ono akuyendetsedwa khomo ndi khomo nthawi ya sukulu wamkulu ali pakona kulandira ndalamazo, nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana, ndi 116, kuimba kwake ndi kwaulere.