Momwe mungapangire sileji ya m'matumba kuti mkaka usatsike m'chilimwe

Kuyambira Meyi mpaka mvula yoyamba ya Novembala udzu wozungulira Harare umauma, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi chimatsiriza wotsalawo. Inu amene muli ndi ng'ombe ziwiri kapena zitatu zamkaka ku Ruwa, Seke, Domboshava kaya Goromonzi mukudziwa kuti nthawi imeneyi ndowa yokamira imapepuka. Ofufuza a ku University of Zimbabwe ndi a ku Matopos Research Station anayesa kusunga chakudya chobiriwira cha ng'ombe mochiwawasitsa, chomwe chimatchedwa sileji, m'matumba apulasitiki m'malo mwa dzenje lalikulu, ndipo njirayi imamuyenera mlimi wopanda thirakitala.

Ntchito imayambira kumunda. Bzalani chimanga kapena mapira, ndipo pakapita masabata atatu kapena anayi mubzale nkhungudzu kapena khobwe pakati pa mizere. Pogula nkhungudzu funsani mtundu wa Rongai kapena Highworth. Chimanga ndicho chili ndi shuga wowawasitsa sileji, nyembazi zimabweretsa mapuloteni. Posakaniza, nyemba zisapose gawo limodzi mwa magawo atatu, apo ayi sileji mwina siwawasa mokwanira.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa chinyezi, ndiye tichedwepo. Musadule chimanga chikadali cha mondokwa. Dikirani mpaka njere mukaitsina ndi chikhadabo itulutse phala lolimba, osati mkaka. Pamenepo mbewuyo imakhala ndi madzi pafupifupi magawo 65 mpaka 70 pa 100 alionse, ndipo ndi pomwe tikufuna. Mukaduladula, tapani dzanja limodzi, finyani mwamphamvu kwa theka la mphindi, kenako tambasulani. Madzi akadontha pakati pa zala, kapena mpirawo ukakhala chiumbire, ndiye kuti nchonyowa kwambiri: yanikani chifote kwa maola angapo, muyesenso. Ukamasuka pang'onopang'ono dzanja nkutsala lonyowa pang'ono, longedzani. Ukamwazika nthawi yomweyo, mwachedwa kudula, ndipo kutsendera kukuvutani.

Chifukwa chake nchakuti m'thumba lopanda mpweya mumafunika tizilombo tosandutsa shuga kukhala asidi, monga zimachitikira ndi chambiko. Madzi akachuluka asidiyo amasungunuka, tizilombo towoletsa timapambana, ndipo potsegula mumapeza zakuda, zoterera, zonunkha ngati mafuta ovunda. Ng'ombe siidya zimenezo, ndipo musaikakamize. Nsenjere ndiyo imavutitsa kwambiri, chifukwa ili ndi madzi ambiri koma shuga wochepa. Iyo idulidwe ikafika m'chiuno kapena m'chifuwa, ifote kaye, ndipo pa makilogalamu 100 alionse muwazepo makilogalamu 3 mpaka 5 a molasesi (madzi okhuthala otsekemera otsala popanga shuga) wosungunula m'madzi owirikiza kawiri. Samalani ndi molasesi wogulitsidwa m'zigubu zopanda chizindikiro m'mbali mwa msewu: ena amathiramo madzi kuti achuluke. Weniweni amakoka ulusi mukamutunga ndi kamtengo. Chimanga chokhala ndi zitsononkho zake sichifuna molasesi, musawononge ndalama.

Duladulani tizidutswa ta masentimita 2 kapena 3. Chikwanje chimatha ntchitoyi koma chimachedwetsa, nchifukwa chake ndi bwino kusonkherana alimi angapo nkubwereka makina odulira tsiku limodzi. Chodulidwa lero chitsekeredwe lero lomwe.

Matumba akhale apulasitiki yokhuthala. Otchipa opyapyala aja amabooledwa ndi mapesi, ndiye mtengo wake umabwerera pa chakudya chotayika. Ngati mwagula akale ku Mbare, atsukeni ndi kuwayang'anitsa padzuwa kuti muone timabowo, ndipo amene munali mankhwala asiyeni. Kuveka thumba la pulasitiki m'kati mwa saka kumathandiza. Thirani pang'ono, tsenderani ndi manja ndi mawondo makamaka m'makona, thiraninso, mpaka lifike makilogalamu 15. Tulutsani mpweya wonse, potokolani kukamwa, pindani, mangani ndi mphira ya chubu.

Sanjani pamthunzi, pathandala, ndipo makoswe asafikepo. Bowo lililonse limatidwe ndi tepi tsiku lomwelo. Pakatha masabata asanu ndi limodzi tsegulani thumba limodzi: sileji yabwino ndi yobiriwira motuwira chikasu, fungo lake lowawasa bwino. Pachuku tayani. Yambani kudyetsa pang'ono, mukatha kukama kuti mkaka usatenge fungo. Ng'ombe yodya thumba limodzi patsiku kwa masiku 150 ifuna matumba 150, ndiye werengerani munda wanu mvula isanagwe.

Sileji imachotsa mbewu yonse m'munda osasiya mapesi, choncho manyowa a m'khola abwerere komweko. Nthaka yamchenga ya kuno imakonda kuwawasa. Kayezetseni dothi ku Chemistry and Soil Research Institute mu Harare momwemuno, kapena dzerani kwa alangizi a zaulimi a boma a Agritex, musanagule laimu wochepetsera kuwawasako.